Pamene Masukulu Atsekera: Mphunzitsi Mlendo ndi Khrisimasi ya ku Kabwe

Inu amene munakhalapo pafupi ndi sukulu mukulidziwa bwino tsiku lotsekera teremu yacitatu. M'mawa mwake mumakhala cipwirikiti. Ana akukokerana mabokosi a citsulo, makolo aima pa cipata, aphunzitsi akugawa malipoti uku akuyang'ana pa wochi, pakuti wina afuna kupeza basi ya ku Lusaka, wina ya ku Ndola, wina ulendo wake ndi wa ku Chipata. Dzuwa likamapendeka, pa sukulu pamangoti zii. Mvula ya Disembala imagwa pa malata a makalasi opanda munthu, udzu n'kumera pa bwalo la mpira mpaka kulekeza m'maondo, ndipo belu sililiranso kufikira Januwale. Koma mukadutsa usiku pa mzere wa nyumba za aphunzitsi, kapena pa tinyumba ta lendi m'komboni, mudzaona nyali imodzi ikuyaka. Kawirikawiri nyali imeneyo imakhala ya mphunzitsi amene kwao n'kutali, kutsidya kwa malire a dziko.

Nkhaniyi yatibwerera m'mutu cifukwa ca kamkangano kamene kanabuka mu mphakati wathu kuno ku Chililalila m'nyengo ya Adiventi yathayi. (Anzathu olankhula Cibemba, amene ndiwo oculuka muno mu Kabwe, mphakati amaucha citente.) Monga mwa mwambo, tinakhala pansi kulemba maina a anthu oti tikawaone pa Khrisimasi ndi kangacepe kamene tinasonkha: nkhalamba zisanu, odwala atatu, ana amasiye a banja lina, ndiponso gawo lathu la sopo ndi shuga zopita kwa akaidi ku Mukobeko. Titatsala pang'ono kutseka ndi pemphero, mnyamata wina wa kwaya anaimika dzanja, nafunsa ngati tingaikepo mphunzitsi wa Cifalansa amene amacita lendi zipinda ziwiri kumapeto kwa mzere wathu. Munthuyo ndi wa ku Congo, Mkatolika mnzathu. Lamulungu lililonse amakhala pa mpando wa kumbuyo, ndipo amaphunzitsa pa sukulu ina yoima payokha m'tauni.

Amai ena acikulire, asungicuma athu, amene sataya ngwee pacabe, anakana poyera. Anati mndandandawo ndi wa osauka, pamene mphunzitsiyo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, amavala taye, ndipo nsapato zake zimawala ngakhale m'matope. Ena anavomereza ndi mutu. Wina anaonjeza monong'ona kuti anthu a ku Kasai sadziwika bwino. Mau amenewa anatipweteka, pakuti mwini wakeyo dziko la Kasai sanalipondemo n'komwe. Kwao ndi ku Bukavu, m'mbali mwa nyanja ya Kivu, mzinda umene unagwa m'manja mwa gulu lankhondo la M23 mu Febuluwale 2025. Koma pa mfundo ya ndalama amaiwo sananame, mphunzitsiyo sasowa unga. Cimene amasowa mu Disembala n'cina, ndipo ife amene tinaphunzitsidwa ndi alendo tinayenera kucidziwa msanga koposa ena.

Mudzi wa alendo

Acinyamata a lero sangamvetse kuti aphunzitsi acilendo anali oculuka bwanji m'dziko lino. Pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mbadwa zokhala ndi digiri ya ku yunivesite zinali pafupifupi 100 cabe m'dziko lonse. Boma latsopano, nduna ya maphunziro ali a John Mwanakatwe, linayamba kumanga masukulu a sekondale mofulumira m'maboma ambiri. Koma njerwa zimapsa msanga, mphunzitsi amacedwa kupsa. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo mu 1967 muno mu Kabwe munatsegulidwa koleji yosula aphunzitsi a sekondale, imene mu 1971 a Kenneth Kaunda anaicha dzina la Nkrumah. Lero ndiyo Kwame Nkrumah University. Podikira kuti mitengo imeneyi ibale, ana sakanakhala osaphunzira. Motero boma ndi mipingo anaitana anthu akunja: a ku Britain ndi Ireland, a ku Canada, a ku India ndi Sri Lanka, a ku Ghana, ndi ena othawa tsankho ku South Africa ndi Rhodesia. Kwa zaka zambiri masamu, sayansi ndi Cingerezi zinali m'manja mwao.

Kunena zoona, Kabwe yense ndi mudzi wa alendo. Eni nthaka ya kuno ndi Alenje ndi anansi ao, koma kucokera pamene miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka mu 1902, njanji n'kufika mu 1906, anthu akhala akudza kucokera ku mbali zonse. Atate athu a ife tikulemba pano anacokera kum'mawa kutsata nchito ya njanji. Ngakhale dzina la tauni linali lobwereka ku mgodi wa ku Australia, Broken Hill, mpaka linasinthidwa mu 1966. Eklezia nayenso anadza ndi alendo. Mu 1927 Roma anakhazikitsa cigawo cochedwa Prefecture ya Broken Hill, naika Monsinyo Bruno Wolnik, Mjezuiti wa ku Poland, kuti acitsogolere. Cigawoco cinatenga dzina la Lusaka mu 1946, ndipo Kabwe anadzakhala dayosizi payekha mu 2011, episkopi woyamba ali Ambuye Clement Mulenga. Mgodi unatsekedwa mu 1994, kutisiyira fumbi la mtovu limene lavutitsa ana athu, koma imeneyo ndi nkhani ya mwezi wina.

Aphunzitsi athu a masamu

Mwa alendo onse amene anatigwira dzanja pa sukulu ya misheni, amene sitiwaiwala ndi aphunzitsi athu a masamu, a ku Kerala, kumwera kwa India. Dzina lao tisalichule, sanali munthu wokonda kuchulidwa. Anali aafupi, a ndevu za pamlomo, a malaya oyera a manja aafupi tsiku ndi tsiku. Cingerezi cao cinali cothamanga ngati sitima ya katundu pa mtsetse, kotero kuti masabata oyamba tinkangotola mau otsiriza a ciganizo. Tikayankha funso ankagwedeza mutu uku ndi uku, ife osadziwa ngati avomera kapena akana. Tinkawaseka, tivomere, ndipo panali mnyamata wina m'kalasi mwathu amene ankawatsanzira bwino kwambiri mpaka tinkagwa nazo pansi. Iwonso zinenero zathu zinawakanika. Anadziwa kupereka moni, kufunsa mtengo wa tomato pa msika, ndi kuletsa phokoso, basi. Koma pa bolodi anali munthu wina. Sankafufuta samu mpaka mwana wotsiriza wa kumbuyo atavomera kuti waimva, ndipo madzulo ankabwerera m'kalasi, popanda wowatuma, kudzathandiza a mayeso.

Moyo wao wa tsiku ndi tsiku tinkauona tikatumidwa kukatula mabuku ku nyumba kwao. Kwao ku Kerala anthu amadya mpunga tsiku lililonse, ndi nsomba za m'nyanja yamcere ndi kokonati. Kuno mpunga unali wa pa Khrisimasi, ndipo kokonati tinkangomuona m'buku la jogirafe. Kuseri kwa nyumba anabzala tsabola, therere, mabilinganya, ndi kamtengo ka masamba onunkhira othira m'ndiwo, kamene ankakafunditsa saka mu Juni ngati mwana wakhanda. Cimene cinatidabwitsa n'cakuti ankakonda cinangwa cophika ndi nsomba ya tsabola, natiuza kuti kwao n'cakudya ca anthu wamba. Zaka zimenezo za m'ma 1980 zinali za mizere. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, sopo, saladi, shuga ndi buledi zinkasowa m'masitolo, ndipo Loweruka m'mawa tinkawapeza aphunzitsi athu ataima pa mzere ndi cikwama cao monga ife tonse. Anthu ankawayang'ana modabwa, poganiza kuti Mmwenye aliyense ali ndi mbale wake wa sitolo. Sitinadziwe kuti eni masitolo ambiri makolo ao anacokera ku Gujarat, kutali kumpoto ca kumadzulo kwa India, a cinenero cina ndi cipembedzo cina. Aphunzitsi athu, olankhula Malayalam, anali mlendo ngakhale pakati pa anthu amene ife tinkawayesa abale ao.

Cimene cinawatulutsa kwao n'cimene cimatulutsa munthu aliyense: ana oti aphunzire, alongo oti akwatiwe, nyumba yoti imangidwe. Mphunzitsi wa kontrakiti ankaloledwa kutumiza kwao gawo la malipiro ake, ndipo pomaliza kontrakiti ankayembekeza ndalama ya ciongola dzanja. Koma ndalama zakunja zitayamba kusowa, zotumizazo zinkatsakamira pa mzere miyezi yambiri. Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni. Dola imodzi, imene inali pa K2 ndi kanthu, inafika pa K5 sabata loyamba lomwelo, ndipo pofika Epulo 1987 inali pa K21. Malipiro amene kale ankakweza khoma ku Kerala anasanduka osakwanira zenera. Pakati pa 1986 amai a kunyumba kwao ndi ana awiri anabwerera ku India, iwo n'kutsala okha kudikira ndalama zao. Kucokera pamenepo moyo wao unali wa makalata a ndege, aja abuluu opinda patatu, amene ankatenga masabata awiri kapena atatu pa njira.

Masiku a sukulu munthu wotere amapirira, pakuti belu limamudzutsa, ana amamuzinga, ndipo usiku ali ndi mulu wa mabuku oti aconge. Chuthi ca Disembala ndico cimamuvula. Kuno ndi nthawi ya dzinja: makasu ali m'munda, bowa ndi masuku zili m'mbali mwa mseu, mango akugwa okha, inswa zikutuluka pa culu, ndipo aliyense ali ndi kwao kumene akupita kapena abale amene akuwadikira. Palibe amene amamuda mlendo, kungoti palibe amene amamukumbukira. Disembala wa 1986 anali woipa koposa. Boma litakweza mtengo wa unga wa bulekifasi kupitirira kawiri, ku Kitwe ndi ku Ndola kunabuka zipolowe, masitolo anathyoledwa, anthu anafa. Aphunzitsi athu anaopa kuonekera m'tauni ndi nkhope yonga ya eni masitolo. Ankatuluka Lamulungu lokha, pa njinga yao yakuda, kudza ku Misa ku parishi kwathu, ndipo Misa ikatha ankaima okha pansi pa mtengo kanthawi pang'ono asanakwere njinga.

Nkhuku ya Adiventi

Amene anawaona ndi atate athu. Atafotokoza kunyumba, amai athu sanacedwe. Lamulungu lacitatu la Adiventi anapha nkhuku, cinthu cosacitika wamba m'nyumba ya ana asanu ndi awiri, namanga mbale m'nsalu, natituma. Aphunzitsi analandira ndi manja awiri, nathokoza kambirimbiri. Koma m'mawa mwake mbiri inafika, monga mbiri imafikira, kuti nkhuku yonse anapatsa mlonda wa pa sukulu. Amai athu anakhumudwa kwambiri. Kwathu kukana cakudya ndi kukana munthu, ndipo tsiku limenelo m'nyumba mwathu munatuluka mau amene lero timacita nao manyazi: kuti anthu amenewa amanyansidwa ndi mphika wa munthu wakuda.

Atate athu anali munthu wosakonda kugona ndi funso. Anavala jekete, natitenga kuti tikamasulire pamene Cingerezi cao ca ku njanji cikathere. Ndiye tinamva zimene sitinazimvepo ku katekisimu. Akhristu ambiri a ku Kerala amadzicha Akhristu a Tomasi Woyera, pakuti mwambo wao umati mtumwi Tomasi anafika pa gombe lao m'caka ca 52. Anthu amenewa anali kubatiza ana ao zaka mazana ambiri mmishonale woyamba asanaoloke Zambezi. Ndipo kuyambira pa 1 Disembala amasala masiku 25 osadya nyama, ena ngakhale nsomba ndi mazira, kufikira usiku wa kubadwa kwa Ambuye. Aphunzitsi anali atakhala kuno zaka zokwanira kudziwa kuti kubweza mbale ndi mwano. Kuidya kukanakhala kuswa mwambo wa makolo ao, ndipo kufotokozera mwana wa sukulu ataima pa khomo anaona ngati kudzitama. Motero anasankha mlonda, amene ana ake anali asanalawe nyama mwezi wonse. Atate athu anaseka mpaka kupukuta misozi, koma pobwerera anayenda njira yonse osalankhula. Ife amene tinkaganiza kuti Mmwenye Mkatolika ndi wotembenuzidwa dzulo ndi azungu tinaphunzira kuti pa cikhulupiriro ana ndife.

Pa ulendo womwewo tinaona cinthu cimene cakhala m'maso mwathu kufikira lero. Pa khonde pao panalendewera nyenyezi yaikulu ya nsonga zisanu, yopangidwa ndi timitengo ta nsungwi ndi mapepala ofiira okutira mabuku, m'kati mwake muli babu. Anatiuza kuti kwao nyumba iliyonse ya Mkhristu imapacika nyenyezi yotere mu Disembala, kotero kuti usiku mudzi wonse umawala. Kuno inali imodzi yokha, pa mzere wa nyumba zokhomedwa ndi maloko, ndipo oiona anali mlonda ndi acule a m'ngalande. Anaipanga okha, masiku atatu, podziwa bwino kuti palibe amene adzadutsa.

Tsiku la Khrisimasi anadza kwathu atanyamula keke ya zipatso zouma ndi nyenyezi ina yaing'ono. Tinawayalira mpando wa atate. Anansi anasuzumira pa mpanda kuti aone ngati adzapempha supuni, koma anasamba m'manja, nagwira nsima monga munthu wobadwira ku Katete, ndipo mpunga anaudya ndi dzanja mwaluso kutiposa tonse. Amai anawaikira nthutumba pa mbale, ulemu umene ngakhale atsibweni athu sanaulandirepo. Titatha kudya, tikumwa munkoyo, aphunzitsi anayang'ana pa wochi yao, nayamba kuwerengera mokweza monga m'kalasi: kuno ndi 13 koloko, India ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye kuti kwao ndi hafu pasiti 16, ana adya kale, tsopano apita kwa agogo ao. Anangolekeza pamenepo. Amai athu, amene sanamve Cingerezi cimeneco, anamva zonse, nalowa m'khichini kukatenga mbale ina imene palibe anaipempha. Za nkhuku ija sanazichulenso. Aphunzitsi anacoka m'dziko lino patapita caka ndi miyezi. Sitinatenge keyala yao, ndipo sitinawalembere ngakhale kalata imodzi yowauza kuti masamu aja tinakhoza.

Titakula tinazindikira kuti mitundu ina inaika mlendo m'kati mwenimweni mwa mwambo wa Khrisimasi. Ansembe ndi asisitere a ku Poland, amene agwira nchito m'dera lino kwa zaka zoposa 90, kwao usiku wa pa 24 Disembala amasiya mpando umodzi ndi mbale yopanda mwini, kudikira wapaulendo amene angagogode. Amagawananso mkate wopyapyala wonga wa pa Misa, umene amaucha opłatek, ndipo kwa wacibale amene ali kutali amautumiza mu envelopu. A ku Ireland amayatsa kandulo pa zenera. Onsewa ndi mitundu imene ana ake anabalalika ndi njala, nkhondo ndi umphawi, ndipo tikuganiza kuti mpando wopanda mwini uja anauphunzira polira ao omwe. Kadinala Adam Kozłowiecki, amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, nayenso anayamba moyo wake wa kuno ngati mphunzitsi mlendo ku Kasisi mu 1946. Anatsiriza zaka zake ku misheni ya Mpunde, kufupi ndi kuno, namwalira mu 2007. Koma si alendo onse amene tsiku lao lowawa ndi Khrisimasi. Acinyamata odzipereka a ku Japan, amene anayamba kudza mu 1970 ndipo ambiri aphunzitsa masamu ndi sayansi, kwao pa 25 Disembala ndi tsiku la nchito. Mtima wao umawawa pa Caka Catsopano, pamene mabanja a kwao amasonkhana.

Gudumu linatembenuka

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, kwacha itafooka, aphunzitsi athu enieni, ena a iwo osulidwa pa Nkrumah pomwepa, anayamba kuoloka malire kupita ku Botswana, ku Swaziland (lero Eswatini) ndi ku Namibia. Mlongo wathu anali mmodzi wa iwo. Anaoloka Zambezi pa pantuni ya Kazungula mu 1993, pakuti mlatho umene ulipo lero unatsegulidwa mu 2021, nakaphunzitsa sayansi pa sukulu ya m'mudzi wina wa mcenga. Disembala woyamba sanabwere, kuti ndalama ya ulendo igule malata a nyumba ya amai. Kalata yake inafika mu Januwale. Analemba kuti anzake onse anapita ku midzi ya kwao ndi ku miraga ya ng'ombe, kuti dzuwa linali loswa mtengo, kuti kunalibe bowa, masuku kapena inswa, ndipo kuti ana a m'njira ankamuitana ndi dzina lonyoza limene amacha nalo alendo akuda, makwerekwere. Pa Khrisimasi, atabwera ku mapemphero, anatsegula nsomba ya m'citini nakhala pa bedi. Madzulo kunagogoda gogo wina woyandikana naye, amene anali asanalankhulane naye n'kale lomwe, atanyamula mbale ya seswaa, nyama yophika mpaka kufewa kenaka n'kusinja. Titawawerengera amai kalatayo, anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati aphunzitsi aja a nyenyezi akali moyo.

Lero zinthu zasintha. Makoleji athu amatulutsa aphunzitsi oculuka, ndipo mu 2022 mokha boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Alendo amene tili nao ndi ocepa, ndipo ambiri saoneka ndi khungu. Ndi a ku Congo, a ku Zimbabwe, a ku Rwanda ndi Burundi, ophunzitsa m'masukulu oima paokha, okhala nafe m'komboni. Mzungu kapena Mjapani akafika, ana amamuthamangira ndipo akuluakulu amalimbirana kumuitana. Mlendo wakuda amangomuona ngati munthu wodzalanda nchito. Mphunzitsi wathu wa ku Bukavu amadzuka m'bandakuca, kutunga madzi, kusita malaya ndi simbi ya makala (anaigula mu 2024, caka ca cilala, pamene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse), n'kuyenda pansi kupita m'tauni. Ana amaseka Cingerezi cake monga ife tinkasekera ca aphunzitsi athu. Komatu munthuyu amalankhula Cishi ca makolo ake, Ciswahili, Cilingala, Cifalansa, Cingerezi, ndipo tsopano akukwawa m'Cibemba. Ena adzati lero kuli lamya za m'manja ndi WhatsApp, munthu sangasungulumwe. N'zoona kuti kalata ya masabata atatu inatha. Koma lamya ikaduka, cipinda cimakhala cete kuposa poyamba, ndipo kwa munthu amene kwao kuli nkhondo, lamya yosayankhidwa imamulanda tulo.

Caka ndi caka ana athu a katekisimu amacita sewero la kubadwa kwa Ambuye, ndipo palibe mwana amene amafuna kukhala mwini nyumba ya alendo. Timacita kuwanyengerera ndi masiwiti, pakuti akamatseka citseko chalichi conse cimamuwowoza. Komatu tikaganiza bwino, munthu uja anali ndi zifukwa zomveka. Nyumba inali yodzaza, ndipo Yosefe sanali wopemphapempha, anali mmisiri wokhala ndi nchito yake. Pa mndandanda wa osauka wa mphakati wa ku Betelehemu dzina lake silikanalembedwa.

Izi ndi zimene tinayesa kunena pa msonkhano uja, ngakhale sitinazinene mwadongosolo monga pano. Asungicuma anamvetsera manja ali pa cikwama, ndipo titamaliza anagamula okha. M'bokosi la mphakati simudzatuluka ngwee, pakuti lamulo ndi lamulo. Koma popeza iwo amapha nkhuku ziwiri pa Khrisimasi, ndipo ana ao a ku Solwezi anali atanena kuti sabwera, mphunzitsiyo akadye kwao. Anatuma mnyamata wa kwaya uja kuti akamuuze, namulangiza kuti asakanene ngati n'cifundo.

Ifenso tinaitanidwa. Mphunzitsi anafika atavala suti, atanyamula poto wa masamba a cinangwa osinja, ophika ndi mafuta ofiira a kanjedza. Kwao amati sombe, Ababemba amati katapa, ife timati cigwada. Eni nyumba analawa mokayika, kenaka anabwereza kawiri. Tikudya iye ankaika lamya pambali pa mbale, n'kumaiyang'ana. Anaimba kwao katatu osalowa. Kacinai inalowa, ndipo tinamva mau a nchembere akufuula m'Ciswahili, kumbuyo kukumveka ana. Asungicuma anatambasula dzanja, nalanda lamyayo, nalankhula mokweza monga amacitira anthu a msinkhu wao: "Amai, musade nkhawa, mwana wanu wadya!" A ku Bukavu anayankha zao. Anakambirana motero mphindi zingapo, wina m'Cinyanja, wina m'Ciswahili, onse akuseka, mpaka mayunitsi anatha.

Sukulu zinatsegulira mu Januwale, ndipo tamuonanso mphunzitsi akulumpha zithaphwi m'mawa ndi nsapato zake zowala. Pa Misa anasendera mipando itatu kutsogolo. Za mndandanda wa caka cino sitinagwirizanebe. Asungicuma akuti ndi wa osauka ndipo udzakhala wa osauka. Poto uja sanabweze. Akuti adzabweza mwini wake akadzabwera kudzawaonetsa muyeso wa mafuta.